Nyumba Ikakhalitsa Pamsika, Titsitse Liti Mtengo?

 

Nkhani yomwe ndabwera nayo pamsonkhano wathu kuno ku Johannesburg ndi ya nyumba zathu za kumudzi ku Malawi, makamaka zija tinaziika pamalonda koma sizikuyenda. Zithunzi zake timaziona pagulu lathu la WhatsApp: ya ku Area 25 ku Lilongwe, ya ku Machinjiri, ya ku Chirimba, ina pa Ntcheu boma. Pakatha miyezi chithunzi chimabweranso, udzu utamera mpaka pakhonde, mtengo uli womwewo. Ena akugulitsa kuti alipirire mwana ku yunivesite, ena pakhomo palowa matenda. Msonkhano ukatha timakokerana pambali n'kumafunsana monong'ona kuti, "Achimwene, nditsitse kapena ndidikirebe?" Lero tiikambe poyera.

Tiyambe ndi kumene mtengo uja unachokera. Ambiri a ife tikamatchula mtengo wa nyumba timawerengera thukuta lonse. Timakumbukira matailosi, zitseko ndi masinki amene tinakweza pa thirela ya basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Zobue mpaka pa Mwanza. Timakumbukira ndalama zomwe tinkatumiza pa Mukuru mwezi ndi mwezi, ifeyo tikugona anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Rosettenville kapena ku Mayfair. Timawerengeranso matumba a simenti amene anasowa osafika pakhoma, ndi khoma lija linapindika n'kuligwetsa kuti limangidwenso. Zonsezi ndi zoona, ndipo zimawawa. Koma wogula akafika pageti zimenezi saziona. Iye amaona zipinda zitatu, msewu wamatope ofika m'mawondo mu February, ndi nyumba ya aneba yofanana ndi yanu imene inagulidwa motsikirapo miyezi ingapo yapitayo. Ndalama zake amaziyeza ndi zimenezo.

Wogulayo timumvetsenso. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaikapo chawo pamwamba. Tingowerengera pa 26 pomwepo: munthu akakongola K50 miliyoni, chiwongoladzanja chokha cha chaka choyamba ndi pafupifupi K13 miliyoni, kupitirira K1 miliyoni pamwezi, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Mphunzitsi kapena namwino angayambe bwanji? N'chifukwa chake otsala pamsika ndi anthu a ndalama m'manja: amalonda, alimi akuluakulu, ndi anzathu omwe ali kunja ngati ife. Anthu amenewa ndi owerengeka, ndipo nyumba zoti asankhe ndi zambiri. Kuwonjezera apo, lamulo la malo litakonzedwanso mu 2022 linakhwimitsa zoti munthu amene si nzika ya Malawi agule malo, kotero ogula ena amene kale ankalowa pamsika anachepa.

Tsono pali chinthu chimene ife okhala kunja timachiiwala msanga, chonsecho ndife amene chimatipweteka kwambiri. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze munthu amene mu October 2023 ankafuna K80 miliyoni, wogula n'kubwera ndi K70 miliyoni, iye n'kukana. Ndalama anakanazo zinali pafupifupi madola 59,000. Chaka chitatembenuka, ngakhale akanapeza womupatsa K80 miliyoni yonse osachotsapo tambala, akanalandira pafupifupi madola 47,000 basi. Anasunga mtengo papepala, koma mtengowo unatsika wokha iye akudikira. Kwa amene akufuna kuti ndalamazo zidzagwire ntchito kuno m'marandi, kudikira kotere kumadya.

Nyumba yopanda munthu nayo imadya. Mlonda alipidwe, msonkho wa khonsolo ukuwunjikana, lendi ya malo ku unduna wa za malo kapena ku Malawi Housing Corporation ikudikira. Mvula ikayamba mu November, lata limodzi lodontha limawononga silingi yonse. Chiswe chimakwera mafelemu. Akuba amazula mawaya ndi mipope, ndipo wogula akaona mabowo m'khoma amachotsa ndalama zochuluka kuposa zomwe mukanakonzera.

Komabe ndisanakuuzeni kuti tsitsani, yambani mwafufuza ngati vuto lilidi mtengo, chifukwa kawirikawiri limakhala kwina. Loyamba ndi mapepala. Nyumba ikhoza kukhala yokongola, koma ngati chikalata cha umwini chili m'dzina la malemu, kapena muli ndi kapepala ka kwa amfumu kokha, wogula wanzeru abwerera, ndipo banki siingamukongoze. Kusintha umwini wa malo a lizi kumafuna chilolezo cha eni malo, kumafunanso kalata ya MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Kutsitsa K10 miliyoni sikungachize zimenezi. Pitani kwa loya, konzani mapepala, mwina mtengo wanu ungayende momwe ulili.

Lina ndi madobadoba. Mumauza mmodzi kuti nyumba ndi K60 miliyoni. Iye amauza mnzake, mnzakeyo wina, aliyense akuikapo yake ya pamwamba. Pa Facebook nyumba imodzimodziyo imaoneka katatu: K65 miliyoni, K72 miliyoni, K75 miliyoni, zithunzi zojambulidwa madzulo, zovala zili pachingwe, ndowa zili pakhomo. Inu kuno mukudabwa kuti foni siikulira bwanji, pomwe ogula akuthawa mtengo umene simunautchule. Sankhani ejenti mmodzi wolembetsedwa, mulemberane mtengo ndi gawo lake, ndipo mupemphe munthu amene iye samudziwa aimbe foni ngati wogula. Mudzamva nokha mtengo umene ukutchulidwa.

Lachitatu ndi lovuta kulinena, koma ndilinena. M'nyumba zambiri mukukhala achibale athu, osalipira lendi. Nyumba ikagulidwa, iwo apita kuti? Ndiye wogula akafika amalandiridwa bwino, kenako amauzidwa mofatsa kuti, "Kuno madzi amavuta, komanso akuba ndiye osanena." Tsiku lina makiyi a kuchipinda chachikulu sapezeka. Musawade, ndi mantha osowa pogona. Khalani nawo pansi, ngakhale pafoni, pamodzi ndi amalume kapena mwini mbumba, mugwirizane za kumene adzapite ndi thandizo lomwe mudzawapatse. Nkhani imeneyo ikapanda kutha, mutsitsa mtengo kawiri katatu, nyumba osayenda.

Zimenezi zikakhala m'malo, pamenepo mverani msika. Maganizo anga ndi awa. Nyumba ipatseni miyezi itatu ya chilimwe, osati ya dzinja. Kuyambira April, misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, anthu akakolola, misewu ikauma, ndi pamene ndalama zimayenda. Nyumba ikakhala chete mu January, anthu akulimbana ndi fizi ndi feteleza, musathamangire kutsitsa. Koma ikadutsa May, June ndi July popanda wobwera kudzaiona, mtengo wakwera. Ndipo anthu atatu osadziwana akaiona, aliyense n'kutchula ndalama zoyandikana, tinene K50 miliyoni, K52 miliyoni, K51 miliyoni, inu mukufuna K65 miliyoni, musanene kuti onsewo ndi akuba. Akukuuzani mtengo wa nyumba yanu. Ngati mtima ukukanabe, lipirani katswiri wolembetsedwa woyesa mtengo wa nyumba, ngati amene mabanki amawatuma. Ndalama mungamulipire n'zochepa poyerekeza ndi malipiro a mlonda a chaka chathunthu.

Mukaganiza zotsitsa, tsitsani kamodzi, mooneka. Kuchotsa K1 miliyoni mwezi uno, K1 miliyoni mwezi wamawa, kumaphunzitsa ogula kudikira, poti amadziwa kuti mupitiriza. Mtengo womaliza, umene simungatsikenso pansi pake, mugwirizane ndi akazi anu kapena amuna anu musanalengeze, ndipo ukhale wa inu awiri, dobadoba asaudziwe.

Alipo ena pano amene ndingawauze kuti musatsitse konse. Ngati palibe chokukakamizani, ndipo ndalamazo mukungofuna kukaziika ku banki, ganizani kawiri. Mu 2024 mitengo ya zinthu kumudzi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndipo kwacha yongokhala mu akaunti imasungunuka. Kutulutsa ndalamazo kuti zibwere kuno nakonso si nkhani yapafupi, poti ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Zikatero nyumbayo ichotseni pamalonda, ikanimo munthu wa lendi, muzipenta, muzikonza. Chenjeraninso ndi foni ija imati, "Bwana, wogula ali pano ndi ndalama m'galimoto, koma ndi lero lokha." Wogula weniweni amadikira kuti loya aone mapepala.

Chimene chimatimanga ambiri ndi manyazi. Timaopa kuti kumudzi adzati, "Za ku Joni zamuthera uja, wayamba kutaya katundu." Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene akukusekani sadzakulipirirani mwana fizi, ndipo sadzakugulirani mankhwala a mayi. Ine mtima umandipweteka ndikaona m'bale akulowa katapira kuno kuti apeze ndalama ya chipatala, ali ndi nyumba ya mamiliyoni imene akuikaniza chifukwa cha kusiyana kwa K5 miliyoni.

A wapampando, pempho langa nali. Pakati pathu alipo amene anagulitsapo kapena kugula nyumba zaka ziwiri zapitazi. Atiuze mitengo yeniyeni imene analandira kapena kulipira, ndi dera lake, komiti ilembe popanda maina, kuti wotsatira akhale ndi poyambira. Ndipo inu amene nyumba yanu yatha miyezi 6 pamsika, pamsonkhano wa mwezi wamawa bwerani ndi mapepala ake, ngakhale ojambula pafoni, tidzakhale pansi tiwerengere limodzi.