PROFESA AKIN MABOGUNJE, MUNTHU AMENE ANAPHUNZIRA MIZINDA YA AFRICA

Ali yense wokhala m'komboni ya pa mgodi kapena m'mzinda adziwa tsiku limene anacoka kumudzi, kapena anamva kwa atate ace za tsiku limene iwo anacoka. Adziwanso mbale amene anamlandira, nampatsa mphasa ndi nsima kufikira atapeza nchito. Koma ndi owerengeka amene anakhalapo pansi ndi kufunsa kuti: Nanga ncifukwa ninji anyamata a mudzi umodzi amathamangira mzinda umodzi, pamene a mudzi wa tsidya lina la mtsinje amanka kwina? Ndipo mzinda weniweniwo umayamba bwanji? Nkhani ya lero ndi ya munthu wa ku Nigeria amene anatha moyo wace wonse pa mafunso amenewa. Dzina lao ndi Profesa Akin Mabogunje, mphunzitsi wa jogalafe, ndilo phunziro la maiko, mitsinje, nthaka ndi makhalidwe a anthu pa malo ao.

Bambo Mabogunje anabadwa pa 18 October 1931 mu Kano, mzinda wakale wa malinga kumpoto kwa Nigeria. Koma kwao kweni kweni kunali ku Ijebu-Ode, kumwera, m'dziko la Ayoruba. Cotero iwo eni anali mwana wa anthu a paulendo, wobadwira kutari ndi mudzi wa makolo, monga ana ambiri obadwira ku Migodi. Anaphunzira pa Ibadan Grammar School, ndipo atatsiriza analowa m'koleji ya University College Ibadan, imene inatsegulidwa m'caka ca 1948 pansi pa yunivesite ya London. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku University College London, kumene analandira digiri yaciwiri mu 1958. Caka comweco anabwerera ku Ibadan nayamba kuphunzitsa. Mu 1961, dziko lao litangolandira ufulu caka catha, anapatsidwa digiri ya udokotala cifukwa ca zimene anafufuza pa mzinda wa Lagos. Mu 1965, asanakwane zaka 35, anakwezedwa kukhala profesa, ndipo ndiwo anali munthu woyamba wa ku Nigeria kukhala profesa wa jogalafe.

Makwerero a m'yunivesite afanana pang'ono ndi a pa mgodi, pakuti munthu sayamba ndi ukapitao. Ayamba ndi kuphunzitsa ana a caka coyamba ndi kuconga mayeso ao. Koma cimene cimkweza si zaka zace za pa nchito ai. Ayenera kufufuza cinthu cimene anzace sanacidziwe, ndi kucilemba, ndi kucipereka kwa akatswiri ena kuti acipime ndi kucitsutsa ngati angathe. Zolemba zace zikapirira mayeso otere kawiri kawiri, pamenepo ndipo amuyesa woyenera mpando wa uprofesa.

Kodi mizinda inadza ndi Azungu?

Masiku amene Bambo Mabogunje anali mwana wa sukulu, mabuku ambiri anali kuphunzitsa ngati kuti mzinda ndi cinthu ca ku Ulaya, ndi kuti munthu wa mu Africa ndi wa kumudzi basi, wobwera m'tauni ngati mlendo kudzagwira nchito ndi kubwerera. Iwo sanabvomereze zimenezi, pakuti maso ao anali ataona zina. Kano anali mzinda wa malonda zaka mazana ambiri Mzungu asanafike, ndipo ngamila zinali kudza kumeneko kucokera kutsidya kwa cipululu ca Sahara. Ife ndi Oyo inali mizinda ya mafumu a Ayoruba kuyambira kale lomwe. Ibadan, kumene anali kuphunzitsa, unakula m'zaka za m'ma 1800 ngati malo a ankhondo ndi othawa nkhondo, nukhala mzinda waukuru Boma la Angelezi lisanakhazikike.

Mu 1962 anasindikiza kabuku ka mizinda ya Ayoruba, ndipo mu 1968 anatulutsa buku lao lochuka, Urbanization in Nigeria. M'bukumo anafotokoza kuti osula, oumba ndi oomba nsaru sangamange mzinda paokha. Pafunika zinthu zitatu. Coyamba, alimi azikolola cakudya coposa cimene adya okha, kuti ena amene sagwira khasu apeze cakudya. Caciwiri, pakhale olamulira amene angathe kusonkhanitsa cakudya cotsalaco ndi kusunga mtendere. Cacitatu, pakhale amalonda obweretsa citsulo, thonje, mcere ndi zina zimene amisiri afuna pa nchito yao. Cimodzi ca izi cikasowa, mzinda umafota.

Apa pali mau oyenera kuwasunga munthu wa m'tauni. Mzinda udya za kumunda. Amene alandira malipiro pakutha pa mwezi nagula ufa pa msika asayese kuti waposa mbale wace wotsala ndi khasu, pakuti popanda nkhokwe ya mbaleyo msika ukanakhala bwalo lopanda kanthu.

Anaonanso mmene mbali yakale ya Ibadan inakulira. Poyamba banja lonse linali kukhala m'mpanda umodzi waukuru wokhala ndi bwalo pakati. Ana atayamba kupata ndarama paokha, ali yense anafuna nyumba yace, ndipo anamanga pa bwalo lomwelo. Mipanda inagawikagawika, mabwalo anatha, nyumba zinathithikana kopanda miseu kapena ngalande. Anaonetsa kuti kuthithikanako kunali ndi cifukwa cace codziwika, ndi kuti wofuna kukonza malo otere ayambe wamvetsa mabanja okhalamo asanatumize zogumulira.

Njira ya kumudzi ndi m'tauni

Nchito imene inamveketsa dzina lao m'maiko onse ndi nkhani ya masamba owerengeka imene inatuluka mu 1970 m'magazini ya akatswiri yochedwa Geographical Analysis. Kufikira nthawi imeneyo ophunzira ambiri anali kunena kuti munthu acoka kumudzi cifukwa umphawi umkankha, ndipo malipiro a m'tauni amkoka. Bambo Mabogunje anati zimenezo nzoona, koma sizikwanira. Midzi iwiri ingathe kukhala yosauka cimodzimodzi, koma wina nkutha anyamata onse, wina osataya ndi mmodzi yemwe.

Iwo anati mudzi ndi mzinda ziri ngati ziwalo za thupi limodzi, ndipo kumbali zonse ziwiri kuli zipata. Kumudzi cipata ndi banja ndi mwambo. Kodi makolo alola mwana kucoka? Kodi adzalowa m'munda ndani? Kumene munda ugwa m'manja mwa mwana mmodzi, enawo acoka msanga. Kumene ali yense ali ndi gawo lace, ambiri akhala. M'tauni cipata ndi nchito, nyumba ndi malamulo a Boma. Akuru amene anaona masiku a citupa, pamene nyumba ya pa mgodi inali kutha tsiku lomwe nchito yatha, adziwa bwino kulimba kwa cipata cotere.

Koma cacikuru m'maphunzitso ao ndi mbiri imene ibwerera kumudzi. Munthu woyamba akafika m'tauni napeza bwino, atumiza kalata, ndarama ndi nsaru, ndipo pa chuti abwera atabvala suti. Mng'ono wace aona, namtsata ku mzinda womwewo, kawiri kawiri ku nchito yomweyo ndi komboni yomweyo. Waciwiriyo aitana wacitatu. Posacedwa papondeka njira, ndipo anthu a mudzi umenewo sayendanso mwacisawawa. Mbiri ikakhala yoipa, kapena woyambayo akasanduka mchona wosalemba kalata, njirayo imera udzu, ndipo anthu ayang'ana kwina. Ici ndico cifukwa cace mupeza anthu a dera limodzi atadzaza mbali imodzi ya komboni ndi kugwira nchito ya mtundu umodzi. Kufikira lero ophunzira za maulendo a anthu, ngakhale a anthu ooloka nyanja kunka ku Ulaya, amayamba ndi maganizo amenewa.

Tanthauzo lace kwa olamulira linali lakuti kugwira anthu ndi kuwabwezera kumudzi sikuletsa ulendo, pakuti njira idakalipo. Wofuna kuti anthu asathamangire m'tauni akonze kumudzi: miseu, misika, sukulu, ndi mtengo wabwino wa mbeu.

Kucoka m'kalasi kunka ku nchito ya dziko

Mu 1976, nkhondo ya paciweniweni ya 1967 kufikira 1970 idakali m'mitima ya anthu, Boma la Murtala Mohammed linagamula kucotsa likuru la dziko ku Lagos. Mzindawo unali wopanikizika pakati pa nyanja ndi madambo, ndiponso unali m'dera la mtundu umodzi. Anasankha malo a pakati pa dziko, kumene tsopano kuli Abuja. Profesa Mabogunje anapatsidwa nchito yotsogolera akatswiri okayendera deralo, kupima nthaka, madzi, zomera ndi matenda, ndi kuwerenga midzi ndi cuma ca eni malo.

Poyamba Boma linaganiza zosamutsa anthu onse okhala m'deralo, amene ambiri ao ndi a mtundu wa Gbagyi. Koma kuwerengako kunaonetsa kuti malowo sanali thengo lopanda anthu, ndi kuti kuwasamutsa onse kukanadya ndarama zosaneneka. Boma linasintha maganizo, niliti asamuke okhawo amene malo ao afunika pomanga. Likuru linasamukira ku Abuja mu December 1991. Madandaulo a eni malo pa nkhani ya minda ndi malipiro ao sanathe, ndipo ici cionetsa malire a mphamvu ya munthu wophunzira: iye awerenga ndi kulangiza, koma colembera comariza ciri m'manja mwa olamulira.

Caka ca 1980 cinali cacikuru m'moyo wao. Anatulutsa buku lina, The Development Process, m'mene ananena kuti citukuko ndico kukonzanso makhalidwe a dziko lonse, minda, misika, miseu ndi mizinda pamodzi, kuti cuma cisaunjikane pa doko limodzi lotumizira katundu kunja monga anasiyira atsamunda. Caka comweco akatswiri a jogalafe a maiko onse, atasonkhana ku Tokyo, anawasankha kukhala pulezidenti wa bungwe lao, International Geographical Union. Anali munthu woyamba wa mu Africa kukhala pa mpando umenewo, ndipo anaugwira kufikira 1984.

Atasiya kuphunzitsa pa Ibadan, mtima wao unatembenukira kwa anthu wamba. Anaona kuti mai wogulitsa pa msika ndi mmisiri wa m'mbali mwa mseu sangakongole ku banki yaikuru, pakuti alibe cikole. Koma anthu omwewo amasonkherana ndarama mokhulupirika m'magulu amene Ayoruba amati esusu, ofanana ndi cilimba. Mutu umodzi susenza denga. M'zaka zoyamba za m'ma 1990 anakhala wapampando wa bungwe loyang'anira mabanki ang'ono a m'midzi ndi m'makomboni, a eni malo okha, kumene mbiri yabwino ya munthu pakati pa anansi ace inali kuyesedwa cikole. Ambiri a mabanki amenewa anagwa cifukwa ca kusayendetsedwa bwino, ndipo otsala anasandulika mabanki a ngongole zazing'ono pansi pa malamulo atsopano. Koma maganizo akuti wosauka angathe kukongola ndi kubweza anakhazikika.

Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Atakalamba anathandiza kuyambitsa bungwe la kucepetsa umphawi m'mzinda wa makolo ao, Ijebu-Ode, pamodzi ndi mfumu ndi magulu a amalonda, alimi ndi amisiri. Mu 2009 Pulezidenti Umaru Yar'Adua anawaika kutsogolera komiti yokonzanso malamulo a malo, pakuti gawo laling'ono kwambiri la nthaka ya Nigeria ndilo linali lolembedwa m'mabuku a Boma. Iwo anali kunena kuti munthu wopanda pepala la malo ace akhala ndi mantha masiku onse, samanga nyumba yolimba, ndipo sangakongole nayo ndarama. Ali yense amene anamanga pa malo osalembedwa m'mphepete mwa mzinda adziwa mantha amenewo.

Ulemu unawatsata kufikira ukalamba. Mu 1999 bungwe la asayansi la ku America, National Academy of Sciences, linawasankha kukhala ciwalo cace ca kunja. Mu 2011 analemba mbiri ya moyo wao m'buku lochedwa A Measure of Grace. Mu 2017 analandira ku France mphotho ya Vautrin Lud, imene akatswiri a jogalafe aiyesa yoposa zonse m'phunziro lao. Anamwalira pa 4 August 2022 ali ndi zaka 90.

Makolo ambiri, mwana akabwera ndi buku la jogalafe, amayesa kuti ndi phunziro loloweza maina a mitsinje ndi mapiri a maiko akutari, losapatsa munthu nchito. Moyo wa Profesa Mabogunje uonetsa zina. Zimene anaphunzira anazitenga m'miseu ya Lagos, m'mipanda ya Ibadan ndi m'misika ya amai, ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku America anadza kudzaphunzira kwa iwo. Mizinda ya mu Africa irikukula mofulumira, ndipo iri yonse ifuna anthu odziwa kumene madzi adzacokera, kumene mseu udzapita, ndi kumene alendo a mawa adzagona. Mwana wanu akakonda mapu ndi kufunsa cifukwa cace komboni inamangidwa pamene iri, musamletse, koma mumgulire nyali ndi mafuta kuti awerenge.