Ndiye tinavoteranji, aphunzitsi?

Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsekera maphunziro a achinyamata okaphunzitsa ana a sukulu za Nyumba ya Malamulo ndi unzika

 

Pondiitana anandinong'oneza kuti ndisatalikitse chifukwa nsima ili pamoto. Ndiyesetsa, ngakhale mukudziwa kuti mphunzitsi wopuma ntchito akagwira chimkuzamawu amayesa wagwiranso choko.

Ndiyamba ndi kuulula tchimo langa, poti azibusa ali pompano.

Munali mu 1995. Sukulu ya pulayimale inali itangokhala yaulere chaka chapitacho, ndipo kalasi langa la Sitandade 7 linadzaza mpaka ana ena ankalembera pamaondo pakhomo. Mawu oti demokalase anali pakamwa pa aliyense, m'basi, kuchigayo, ngakhale pamaliro. Nanenso ndinati ndisatsalire. Ndinauza ana kuti chaka chino monita sindisankha ine, musankha nokha. Tinang'amba mapepala a m'kope, aliyense analemba dzina, tinaponya m'chitini cha choko. Powerenga, anapambana mnyamata wina wa kumbuyo, wamtali, waphokoso, amene ankafika mochedwa tsiku lililonse chifukwa ankayamba wamwetsa ng'ombe. Ine mtima wanga unali pa mwana wina wofatsa wa kutsogolo, yemwe ankandinyamulira makope. Usiku ndinagona nazo. M'mawa ndinalengeza kuti nditaganizira bwino, monita akhala wofatsa uja.

Kalasi linati zii. Kenaka mtsikana wina wamng'ono thupi, wa diresi yong'ambika paphewa, anakweza mkono. Anati, "Ndiye tinavoteranji, aphunzitsi?"

Ndinamupatsa chikwakwa, akatchetche kuseri kwa zimbudzi.

Pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ankawerenga chigamulo chothetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndinakhala pafupi ndi wailesi tsiku lonse. Anzanga ankakamba za Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira. Ine ndinkaona diresi yong'ambika ija. Tipp-Ex wanga ndinapaka ndi pakamwa, pamaso pa ana odzaza kalasi, ndipo wofunsa yekhayo ndi amene analangidwa.

Sindikudziikira kumbuyo, koma mumvetse kumene ife tinachokera. Tinakula dziko lili ndi chipani chimodzi mwalamulo kuyambira 1966, ndi pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971. Phunziro la unzika kwa ife linali kuloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Khadi la chipani linkafunsidwa pachipata cha msika ndi pokwera basi. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ambiri a ife tinkaikamba monong'ona, maso ali kuzenera. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndinasankha nyali ya zipani zambiri, ndinasiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Koma nyaliyo ndinaisiya m'bokosi la mavoti, m'kalasi ndinalowa ndili yemwe uja wakale. Lamulo limasintha tsiku limodzi, mphunzitsi sasintha msanga chomwecho. N'chifukwa chake ntchito mwapatsidwayi ndikuiona yolemera kuposa mmene kalata yanu yolembedwera ntchito ikuonetsera.

Mukakafika m'sukulu, musakaganize kuti mwapeza ana osadziwa kanthu za aphungu. Anaphunzira kale, ndipo anaphunzirira pamaliro ndi pamisonkhano ya ndale. Kafunseni kalasi lililonse kuti phungu amagwira ntchito yanji. Mikono idzakwera yambiri. Amagula bokosi. Amatumiza galimoto yonyamula maliro kuchokera kuchipatala. Amapereka mpira ndi yunifolomu ku timu ya m'mudzi. Amakonzetsa mjigo ukafa. Musakawaseke, ndipo musakawauze kuti alakwa, chifukwa mwana akunena zimene waona ndi maso ake. Akuluakulufe ndi amene tinasandutsa phungu kukhala wogula mabokosi, ndipo phungu wokana kugula timamugwetsa pachisankho chotsatira, ngakhale atakhala kuti ankawerenga bilu iliyonse mpaka tsamba lomaliza.

Tsono inu mukayambire pamene mwanayo waima. Mukamufunse kuti, kodi chipatala chija chinalibe mankhwala chifukwa chiyani? Ndalama zogulira mankhwala amavomereza ndani? Mukatero mwafika kale pa bajeti, osalemba ndi liwu limodzi lomwe pabolodi. Boma silingatolere msonkho kapena kugwiritsa ntchito ndalama za dziko popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Shuga amene mayi ake agula pagolosale ali ndi msonkho m'kati mwake, ndipo mlingo wa msonkhowo unadutsa m'manja mwa phungu yemwe uja wa mabokosi. Mwana akamvetsa zimenezi amayamba kuona desiki yothyoka ndi maso ena.

Ndikupatseni chida chimene simulipira. Ndani ali ndi K200 m'thumba? Tulutsani, musaope, sindilanda. Kumbuyo kwakeko kuli chithunzi cha Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2010 itamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Ana ambiri a kuno sadzapondako msanga ku City Centre, koma nyumbayo amaigwira m'manja akatumidwa tomato. Aphungu asanalowe m'menemo ankakumana ku Zomba mpaka 1994, kenaka anakhala zaka zingapo akukumanira m'nyumba ya boma ya ku Lilongwe, ngati alendi. Tsopano tembenuzani. Mayi mukuwaonawo ndi Rose Chibambo. Pa mkangano wa nduna wa mu September 1964, dziko litangolandira ufulu miyezi iwiri yokha, iwo anachotsedwa paudindo, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba n'kudziyankhira, ndipo mapeto ake anathawira ku Zambia, kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Mtsikana wa Fomu 1 akamva nkhani imeneyi ali ndi ndalamayo m'manja, simufunikanso kumuuza kuti mayi angathe kulankhula pabwalo. Mukangowonjezera kuti mu 2019 Nyumbayo inasankha Catherine Gotani Hara kukhala Sipikala woyamba wamkazi, zaka 55 chilandirire ufulu, ndipo mumusiye awerengere yekha kutalika kwa zakazo.

Ana amakonda kufunsa ngati voti imodzi ili ndi phindu. Akuluakulunso amafunsa, makamaka dzuwa likawawotcha pamzere. Mukawauze za July 2002. Kunabwera bilu yofuna kuchotsa malire a materemu awiri a pulezidenti. Kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo nthawi imeneyo pankafunika mavoti 128. Biluyo inapeza 125. Anthu atatu okha. Mukaitane ana atatu abwere kutsogolo, aime pafupi ndi bolodi, anzawo awayang'ane. Dziko lathu linakhotera kumene linakhotera chifukwa cha anthu ochuluka ngati amenewo, ndipo aliyense wa iwo anatumidwa ndi anthu a dera linalake amene anaima pamzere.

Ndipo pali lamulo limene limakhudza thupi lenileni la ana mukawaphunzitsewo. Mpaka 2017, malamulo oyendetsera dziko ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mu February chaka chimenecho aphungu anatseka mpata umenewo, msinkhu unakhala zaka 18. Sizinagwe kumwamba. Atsikana enieni, ena a iwo a msinkhu wa sukulu, anayenda, analankhula, anavutitsa aphungu. Mafumu ngati Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza anali atayamba kale kuthetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Gogo Chalo, apa mundichitire umboni: mfumu ikakhala ndi lamulo kumbuyo kwake, mawu ake pabwalo amalemera. M'kalasi lililonse mukalowe muli mtsikana amene amalume ake ayamba kale kulandira moni wa bambo wina wa njinga yamoto. Kwa iyeyo Nyumba ya Malamulo si nkhani ya mayeso.

Tsopano za mafunso ovuta, chifukwa adzabwera. Wina adzafunsa kuti, phungu wathu akasowa zaka zisanu osaoneka, tingamuchotse? Mukanene zoona. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, ndipo aphungu eni ake analichotsa mu 1995. Mpaka lero anthu amalirira gawo limenelo. Wina adzafunsa chifukwa chake aphungu amakambirana m'Chingerezi pamene agogo ake amene anawavotera sachimva. Limenelonso ndi funso labwino, ndipo ine ndemwe ndilibe mtendere nalo. Musakakongoletse zinthu. Ana amamva pawailesi aphungu akukuwizana, Sipikala akuitanitsa bata, ena akutulutsidwa m'Nyumba. Mukawauza kuti zonse zimayenda mwaulemu, adzadziwa kuti mukunama, ndipo zina zonse mwanenazo adzazitaya pamodzi ndi bodzalo. Funso likakukulirani, nenani kuti mukafufuza, ndipo sabata yotsatirayo mubwere nalodi yankho. Safunsa anadya phula, timatero, koma ife aphunzitsi ndi amene takhala tikudyetsa ana phulalo powaopseza akafunsa.

Funso limodzi lokha musakayankhe: inu munavotera ndani? Adzakufunsani, mwina tsiku loyamba lomwe. Mukawauze kuti voti ndi yachinsinsi, ndipo limenelo likhale phunziro la tsikulo. Nsalu ya chipani, kapu ya chipani, tisheti imene munalandira pamsonkhano, zonsezo zitsale kunyumba, ngakhale itakhala tisheti yokhayo yochapa. Zimene munganene m'kalasi masana zimafika pamphasa ya chakudya chamadzulo m'nyumba makumi asanu. Kholo limodzi likangomva fungo la chipani, mawa lili kwa a mfumu, mkuja sukulu yakutsekerani chitseko, ndipo ovutika ndi anzanu onse m'boma lino. Kwa anyamata ndiwonjezere ichi, pamaso pa mafumu: atsikana a m'sukuluzo ndi ana. Nambala zawo za foni simukuzifuna.

Ndikudziwa kuti ntchitoyi ndi ya masiku awiri kapena atatu pasabata, ndipo ena mwa inu mukuitcha ganyu. Sindikukutsutsani. Ena muli ndi okala, ena mumasoka, ena mukudikira kuitanidwa ku koleji, ndipo musasiye zimenezo chifukwa ndalama ya pano siyingakusungeni yokha. Koma tonse timamudziwa waganyu wolima m'munda wa eni: amakwirira udzu ndi dothi kuti mzere uoneke woyera, alandire zake, azipita. Mvula ikagwa kawiri udzu wadzuka. M'ntchito yanuyi kukwirira udzu n'kosavuta. Ufika, ulembetsa maina papepala, ujambula chithunzi ana atakweza manja, utumiza pa WhatsApp ku ofesi, wathana nazo. Palibe adzakugwire. Kungoti ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 amene mukawapezewo ambiri adzakhala atakwanitsa zaka 18 pofika chisankho cha 2030, ndipo phungu amene adzamusankhe, mmodzi mwa 229 amene tili nawo tsopano, adzakhalanso phungu wanu. Mundawu mudzadyamo nokha.

Kwa inu okonza ntchitoyi, mawu anga ndi achidule. Alipireni ana awa pa nthawi yake. Ndinagwirako ntchito yotere nditangopuma, kwa bungwe lina limene sinditchula, ndipo tinayenda miyezi itatu tikukongola ndalama ya kabaza, uku tikuphunzitsa anthu kuti azifunsa atsogoleri awo za ndalama. Tinkachita manyazi tokha.

Aphunzitsi aakulu, anzanga, inu ndiye ndikudziwani bwino chifukwa mpando wanuwo ndinaukhalapo. Musawapatse achinyamatawa piriyodi yomaliza ya Lachisanu, ana atayamba kale kusuzumira kumsewu. Musawasandutse ogwirizira kalasi la mphunzitsi amene wapita kukalandira malipiro kuboma. Ndipo akakonza chisankho cha mapulifekiti, ana n'kusankha amene inu simukumufuna, mudzamve kuwawa kumene ndinamva ine, koma mudzamusiye alamulire teremu imodzi. Akalephera, anzake adzaona okha, adzamuchotsa okha pa chisankho china. Mnyamata wanga wa ng'ombe uja sindinamupatse mpata woti alephere kapena akhoze, ndiye mpaka lero palibe akudziwa kuti akanakhala monita wotani.

Mtsikana uja anatchetcha udzu wake, anabweza chikwakwa ku ofesi, anakhala pansi. Chaka chonsecho sanakwezenso mkono m'kalasi langa, ngakhale pa masamu amene ankawakhoza kuposa onse. Banja lake linasamuka chaka chotsatira ndisanamupepese. Ngati ali moyo, lero ndi mayi wa zaka zoposa 40, ndipo ndimadzifunsa ngati amapita kukavota.

A Wapampando, ndaona amayi akukhitchini akundiyang'ana kachiwiri. Ndi chilolezo chanu ndi cha Gogo Chalo, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Amene ndikutchuleni dzina mubwere kutsogolo mudzalandire satifiketi yanu, ndipo K200 ija mubweze m'thumba, mukaigwiritsa ntchito Lolemba.