Ulendo wa ku Malinga a Miyala a ku Zimbabwe

Nkhani ya usiku uno ndi ya malo amene omvera ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amangomva mbiri yace, koma amene anafikako ndi owerengeka. Malowo ndiwo mabwinja a Great Zimbabwe, amene ali ngati mamailosi 17 kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda wa Masvingo, umene kale unali Fort Victoria. Dzinali licokera ku mau a Cishona akuti dzimba dza mabwe, ndiko kunena nyumba za miyala, ndipo ndilo dzina limene dziko linatenga polandira ufulu wace m'caka ca 1980.

Mlendo wanzeru alawira m'mawa dzuwa lisanakule, nayamba wakwera phiri. Njira yakale ipita pakati pa matanthwe akulu, ndipo pena iri yopapatiza kotero kuti anthu ayenda mmodzimmodzi. Pamwamba apeza makoma omangidwa molumikiza thanthwe ndi thanthwe linzace. Pa phiri limeneli ndipo panapezeka zambiri mwa mbalame zisanu ndi zitatu zosema pa mwala wofewa, zimene cithunzi ca imodzi ciri pa mbendera ya dzikolo. Ataima pamenepo mlendo aona cigwa conse, ndi linga lalikulu liri pakati pace.

Potsika m'cigwa, afika pa linga lija. Khoma lace lakunja lizungulira mapazi ngati 820, ndipo pena litalika mapazi 36. Cozizwitsa n'cakuti amisiri sanaike dothi kapena laimu pakati pa miyala. Matanthwe a m'dzikomo asendeka okha monga makungwa a mtengo. Tsono amisiriwo anali kusonkha moto pathanthwe, nathirapo madzi, naswa zisendezo m'zidutswa zolingana, nazisanja mizeremizere. M'tsinde mwa khoma anasiya timipata totulukira madzi a mvula. M'kati muli kanjira kapakati pa makoma awiri, kamene kafikitsa munthu pa nsanja ya mapazi ngati 30. Nsanjayo iribe khomo kapena cipinda, iri miyala yokhayokha, ndipo ambiri aifanizira ndi nkhokwe, cizindikiro ca mfumu yodyetsa anthu ace. Makomawa analibe denga. Eni ace anali kugona m'nyumba zadothi zomangidwa m'kati mwace.

Mzinda umenewu unamangidwa pang'onopang'ono pakati pa zaka za 1100 ndi 1450. Cuma cace cinali ng'ombe, golidi ndi minyanga ya njobvu. Malonda anali kutsikira ku gombe la Sofala, napitirira ku Kilwa, ndipo m'nthaka ya mabwinjawa munapezeka mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, ndi ndarama yosulidwa ku Kilwa. Mzinda utayamba kufooka, mphamvu zinasamukira kumpoto kwa mafumu a Mutapa, ndi kumadzulo ku Khami, pafupi ndi Bulawayo, kumene mlendo aonanso makoma okongoletsedwa bwino.

Koma mbiri imeneyi inatsala pang'ono kutayika. M'caka ca 1871 Mjeremani wina, Karl Mauch, anafika pa mabwinjawa, nalengeza kuti anali nyumba ya mfumu yaikazi ya ku Seba. Azungu ambiri anakondwera ndi mau amenewo, pakuti sanafune kubvomereza kuti anthu akuda angathe nchito yotere. M'caka ca 1889 mlenje Willi Posselt anacotsa mbalame imodzi, naigulitsa kwa Cecil Rhodes, ndipo zina zinatengedwa pambuyo pace. Kuyambira 1902 kufikira 1904 Richard Hall, amene anaikidwa kuti ayang'anire malowa, anafukula nataya dothi lambiri la m'malinga, poyesa kuti pansi pace apeza zizindikiro za alendo akale. Dothi limene anatayalo ndilo linali ndi mapale, makala ndi mafupa zimene zikadanena bwino za eni mudzi.

Coonadi cinabwera ndi anthu ofukula modekha. David Randall-MacIver m'caka ca 1905, ndi Gertrude Caton-Thompson m'caka ca 1929, anakumba pang'onopang'ono, nalemba pamene cinthu ciri conse cinagona. Onse awiri anapeza kuti kufikira pansi penipeni ziwiya zinali za anthu a mu Africa. Ngakhale zinatero, boma la Rhodesia linaumirira kubisa zimenezi, kotero kuti katswiri Peter Garlake anacoka m'dzikomo m'caka ca 1970. Lero akatswiri abvomerezana kuti omanga anali makolo a Ashona. Mbalame zina zinabwezedwa kucokera ku South Africa m'caka ca 1981, ndipo m'caka ca 1986 bungwe la UNESCO linalemba Great Zimbabwe ndi Khami m'kaundula wa malo a cuma ca anthu onse.

Cifukwa cace mlendo ayenera kuyenda pamalopo mwaulemu. Asakwere pamakoma, pakuti khoma lopanda dothi ligwira ndi kulemera kwa miyala yace, ndipo mwala umodzi ukasuntha, yapamwamba itsatira. Asalembe dzina lace pamwala. Akaona mkanda kapena phale pansi, alisiye pomwepo, cifukwa cinthu cocotsedwa pamalo pace sicingathenso kunena za nthawi yace. Akumbukirenso kuti kwa anthu a m'midzi yozungulira phirilo ndi malo a mizimu ya makolo. Acita bwino kutenga womperekeza wodziwa malowa, ndi kulowa m'nyumba yosungiramo zakale imene iri pomwepo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamanga aona milu ya miyala cabe.

Omvera amene sangathe ulendo wa ku Masvingo asayese kuti nkhaniyi ndi ya kutali. Ku Zambia, pa Ingombe Ilede pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi m'caka ca 1960 anapeza manda okhala ndi mikanda yagolidi ndi mitanda yamkuwa. Ku Malawi, pa Mankhamba m'boma la Dedza, pamene panali likulu la Kalonga wa Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni wakuti malonda a kunyanja yamcere anafikanso kumeneko. Malo otere alibe makoma atali, ndipo khasu lingathe kuwaononga m'dzinja limodzi. Tsono mlimi akatulukira mapale ambiri, mikanda kapena mafupa m'munda mwace, aleke kukumba, auze mfumu ya mudzi, ndipo mfumuyo itumize mau kwa osunga zakale a boma. Aphunzitsi nawonso atenge ana a sukulu kukaona malo akale a m'dera lao, kuti anawo akule akudziwa nchito za makolo ao ndi kuzisamala.