ALONDA A M'KATI MWA THUPI

Pa cipata ca mgodi pamaima mapolisi, ndipo mlendo wopanda citupa salowa. Thupi la munthu nalonso liri ndi alonda ace, koma ena a iwo saima pa cipata ai; akhala m'kati mweni-mweni mwa tizipinda tating'ono tochedwa maselo, timene thupi lonse limangidwa nato.

Kacirombo ka HIV, kamene kanapezeka ku Paris m'caka ca 1983, sikakhoza kubala pa kokha. Kalowa m'selo ya magazi, makamaka ija yochedwa CD4, nikalembamo malamulo ace, kuti seloyo ileke nchito yace ndi kuyamba kupanga tizirombo tina.

M'caka ca 2002 Ann Sheehy ndi Michael Malim anapeza mlonda wochedwa APOBEC3G. Macenjera ace ngodabwitsa. Iyeyu samenya nkhondo poyera, koma abisala m'kacirombo katsopano monga munthu wokwera sitima mozemba. Kacirombo kakafika m'selo yina ndi kuyamba kulemba, iye asintha zilembo, monga mabalani woipitsa kalata mwadala, kufikira kalatayo siwerengekanso. Tizirombo tocokera m'kalata yotere tibadwa topunduka.

Nanga bwanji anthu adwalabe? Cifukwa HIV nayo iri ndi cida cace, dzina lace Vif, cimene cigwira mlondayo ndi kumtumiza kumene selo iphwanyira zinyalala zace. Akatswiri atacotsa Vif poyesa, kacirombo kanalephera kuculuka m'maselo a CD4. Cida cimodzi cabe, ndico cisiyanitsa.

Mlonda wina ndiye tetherin, amene Paul Bieniasz ndi anzace anamzindikira ku New York m'caka ca 2008. Iyeyu amanga tizirombo pa khoma la selo monga mbuzi pa cikhomo, kuti tisaturuke. Koma HIV imcotsa pamenepo ndi cida cina, Vpu.

Nkhani ya anyani njosiyana. Ku Boston, m'caka ca 2004, kunadziwika kuti anyani a ku Asia ochedwa rhesus ali ndi mlonda, TRIM5, amene aswa cigoba ca HIV nthawi yace isanakwane, kacirombo kasanathe kulemba. Munthu ali nayenso, koma wace ngwofooka pa HIV. Apa nyani aposa munthu ndithu!

Cotero alonda a m'thupi paokha sakwanira, ndipo wokhala ndi kacirombo ayenera kumwa mankhwala a ARV tsiku ndi tsiku, pakuti ndiwo aletsa kulemba kuja kumene alonda alephera kuletsa. Koma cigoba cija asing'anga sanaciiwale. Mankhwala ochedwa lenacapavir alimbana ndi cigoba comweco, ndipo m'caka ca 2025 dziko la America linawaloleza kuti acinjirize anthu opanda kacirombo, mwa kulasa nyeleti kawiri pa caka.