KODI MWANA AMWE MOWA WOSALEDZERETSA?

Nkhani ya pa wailesi, ya omvera a ku migodi ndi a m'matauni

M'komboni ina ya ku Mufulira muli bambo wa nchito ya pansi pa mgodi, munthu wofatsa ndi wosamala banja lace. Popeza pa cipata ca mgodi amapima mpweya wa anchito kuti aone ngati amwa, bamboyo samwa mowa tsiku lolowa nchito usiku. M'malo mwace agula botolo la mowa uja wocotsedwa mphamvu, wolembedwa 0.0 pa cipepala cace, nakhala pa khonde ndi anzace kumvera mpira.

Tsiku lina la Sabata mwana wace wamwamuna, wa zaka 10, anasendera pafupi nati, "Atate, ndilaweko pang'ono. Paja munanena kuti uwu suledzeretsa." Bamboyo anaseka natambasula dzanja kuti ampatse, koma mkazi wace, amene anali kusesa pakhomo, anaimika tsace nati, "Iai, atate ace a mwana, botolo limenelo ndi la akulu." Mwamunayo anayankha kuti, "Nanga munkoyo umene mumpatsa masiku onse usiyana bwanji ndi uwu?" Maiyo anasowa coyankha, koma mtima wace sunabvomere.

Mkangano wotere wafika m'nyumba zambiri za m'matauni, ndipo funso la bamboyo liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti si funso lopusa ai.

Cimene ciri m'botolo

Cinthu cija coledzeretsa cimene ciri mu mowa, cimene m'nkhani ino cidzachedwa ukali, cimapangidwa ndi yisiti, ndiye tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso timene timadya shuga ndi kumsandutsa ukali ndi thobvu. Mowa wa m'mabotolo, monga Mosi kapena Castle, uli ndi magawo 4 kapena 5 a ukali pa magawo 100 ali onse. Kuti apange mowa wosaledzeretsa, ofulula amatsata njira ziwiri. Ena amaletsa yisiti isanagwire nchito yace yonse. Ena amafulula mowa weniweni, ndipo pambuyo pace amacotsa ukaliwo, mwina pousefa ndi makina, mwina poutenthetsa, pakuti ukali umawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa madigiri 100, motero ukali ndiwo uyamba kuuluka.

Maiko ambiri amalola cakumwa kuchedwa cosaledzeretsa ngati ukali wace supitirira theka la gawo limodzi pa 100, ndiwo uja wolembedwa 0.5. Munthu angafunike kumwa mabotolo 10 otere kuti alingane ndi botolo limodzi la mowa wa magawo 5. Wolembedwa 0.0 uli ndi ukali wocepa koposa pamenepo. Ndiponso nthoci yakupsa kwambiri ndi madzi a zipatso ziri ndi kaukali kocepa kacibadwidwe, koma palibe mwana analedzerapo ndi nthoci.

Tsono pa mbali iyi bambo wa ku Mufulira ananena zoona. Mwana wolawa botolo la 0.0 sadzadzandira, sadzagwa, sadzadzuka ndi mutu m'mawa. Cikhala kuti mlandu unali wa ukali wokha, bwenzi nkhani itathera pomwepa.

Nzeru za makolo pa thobwa ndi munkoyo

Zakumwa zosaledzeretsa zofanana ndi mowa sizinayambe ndi mabotolo. Kum'mawa, ku Katete ndi ku Petauke, amai akhala akuphika thobwa kuyambira kale lomwe. Ku migodi kuli munkoyo, kwa Atonga kuli cibwantu, ndipo m'misika yonse muli maheu. Kaphikidwe kace nkofanana. Amai aphika phala la ufa wa cimanga, ndipo likazizira pang'ono athiramo cimera ca mawere kapena ca mapira, kapena mizu yopuntha ya munkoyo. Cimera kapena mizuyo isungunula phalalo ndi kulisandutsa lotsekemera. Tsiku loyamba ndi laciwiri cakumwaco cikhala cotsekemera ndi cosasa pang'ono, ndipo ndico cakudya ca wolima, ca mlendo, ca mai woyamwitsa ndi ca mwana.

Koma mbiya yomweyo ikagonera masiku angapo pa nyengo yotentha, yisiti iyamba kudya shuga uja, thobvu likwera, ndipo cimene cinali cakudya cisanduka mowa. Amuna a ku migodi adziwa bwino mwambo umenewu, pakuti Chibuku nayenso apitiriza kuwira m'katoni mwace, ndipo wogonera aposa wa lero mphamvu. Apa pali cenjezo kwa amai: munkoyo wokhalitsa ungathe kukhala ndi ukali woposa wa botolo lija la 0.0. Mwana apatsidwe wa lero kapena wa dzulo. Wacita thobvu ndi kuluma pa lilime usampite pakamwa.

Cofunika kuona ndi ici: thobwa ndi mowa wa masese zicokera ku cimanga cimodzi ndi cimera cimodzi, koma makolo akale anazilekanitsa ndithu. Anazipatsa maina awiri. Anazipatsa malo awiri, pakuti thobwa limamwedwa pakhomo ndi kumunda ndi anthu onse, pamene mowa umamwedwa pa bwalo la akulu, ndipo mwana wopezeka pamenepo amapitikitsidwa. Mwana wakumwa thobwa sanali kudziyesa wakumwa mowa, ndipo panalibe wamkulu womuyamika kuti wayamba kukhala mwamuna. Anali kungodya cakudya cace.

Cimene botolo liphunzitsa

Mowa wa 0.0 unapangidwa ndi colinga cosiyana ndi cimeneco. Opanga ace amayesetsa ndi nzeru zao zonse kuti usasiyane ndi mowa weniweni. Mu 2017 kampani ya Heineken inaturutsa Heineken 0.0, ndipo caka comweco ku South Africa kunaturuka Castle Free. Dzina ndi lomwelo, botolo ndi lofanana, fungo, thobvu ndi kuwawa kwace nzofanana. Kwa munthu wamkulu ici ndi cabwino, pakuti woyendetsa galimoto, wolowa m'mgodi usiku, kapena wofuna kucepetsa mowa, angathe kukhala pakati pa anzace osacita manyazi. Koma kufanana komweko kumene kuthandiza wamkulu ndiko kuli ndi bvuto kwa mwana.

Coyamba, mwana aphunzira kukoma kwace. Lilime la mwana limakana zowawa mwacibadwidwe, ndipo anyamata ambiri olawa mowa koyamba amakwinya nkhope ndi kulabvula. Kuwawa kumeneko kuli ngati mpanda umene ucedwetsa mwana kulowa m'munda wosayenera. Mwana wozolowera 0.0 kuyambira zaka 10 adzafika zaka 14 mpandawo utagwa kale, ndipo tsiku limene mnzace adzampatsa botolo lenileni, lilime lace lidzalilandira ngati mnansi.

Caciwiri, mwana aphunzira dzina. Ocita malonda adziwa kuti dzina lolowa m'mutu pa ubwana silituruka msanga. Ku Ireland lamulo la 2018 linaletsa kuika zikwangwani za malonda a mowa pafupi ndi masukulu, kosakwana mamita 200, ndiponso pa mabasi ndi masitima. Lamulolo litayamba kugwira nchito, m'malo oletsedwawo munaoneka zikwangwani za mowa wa 0.0 zokhala ndi maina omwe aja ndi mitundu yomwe ija. Mu 2023 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalemba za zakumwa zimenezi, ndipo pakati pa nkhawa zace panali yakuti zingazoloweretse ana ndi acinyamata mwambo wa kumwa, ndi kupatsa opanga mowa njira yolambalala malamulo a malonda.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, mwana aphunzira mwambo. Aona kuti mpira ukayamba botolo litsegulidwa, malipiro akabwera botolo litsegulidwa, mlendo akafika botolo litsegulidwa. Akapatsidwa lace nakhala pa mpando pamodzi ndi akulu, amva mumtima kuti ukulu uli m'botolomo. Kale m'masitolo munali maswiti opangidwa ngati ndudu za fodya, oyera ndi ofiira kunsonga. Munalibe fodya m'menemo ngakhale pang'ono, komabe maiko angapo anawaletsa, pakuti anaona kuti mwana woyeseza kusuta aphunzitsa dzanja lace njira ya kukamwa. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Mau a mbali inayo

Alipo makolo ena, anthu oganiza bwino, amene amati cinthu coletsedwa ndico cikoka mtima, ndipo nkwabwino kuti mwana alawire pakhomo, pamaso pa atate wace, kusiyana ndi kukalawira kuseri kwa msika. Mau amenewa ali ndi mbali yace yoona. Kulawa kamodzi pa ukwati sikusandutsa mwana cidakwa, ndipo kholo limene linacitapo zimenezi lisadziweruze. Ndiponso mwana wongokalipiridwa osauzidwa cifukwa amakafunsa kwa anzace.

Koma ganizo lakuti kuphunzitsa mwana kumwa pakhomo kumteteza linayesedwa. Ku Australia akatswiri anatsata ana 1,927 pamodzi ndi makolo ao kwa zaka 6, kuyambira pamene anawo anali ndi zaka ngati 12, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018. Ana amene makolo ao anali kuwapatsa mowa sanatetezedwe konse. Iwo ndiwo anapezeka ambiri pa kumwa mopitirira ndi pa mabvuto obwera ndi mowa, poyerekeza ndi ana osapatsidwa ndi munthu ali yense, ndipo ambiri a iwo anayamba kupeza mowa kwinanso. Kufufuza kumeneku kunali kwa mowa weniweni, osati wa 0.0, koma kunagwetsa mzati umene ganizo lija linatsamirapo, wakuti kuzolowera msanga kubala kudziletsa.

Madotolo aonjeza kuti ubongo wa munthu upitiriza kukhwima kufikira zaka ngati 25, ndi kuti woyamba mowa asanakwane zaka 15 ali pangozi yaikuru yogwidwa nao ukapolo kuposa woyamba atakula. Motero caka ciri conse cimene mwana acedwa kuyamba ndico phindu. Ciri conse comfupikitsira njira, cingakhale cosaledzeretsa, cimlanda phindu limenelo.

Pamene lamulo lilekeza

M'Zambia lamulo la 2011 la malaisensi a mowa liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Mu 2012 Boma linaletsa tujilijili, timapaketi tija ta kacasu totsika mtengo timene ana a sukulu anali kubisa m'matumba. Anthu a m'makomboni akumbukira bwino cisoni ca masiku amenewo, ndi anyamata amene analeka sukulu cifukwa ca timapaketi timeneto. Malamulo amenewa analembedwa poganizira zakumwa zoledzeretsa.

Maiko ena aonetsa njira pa za 0.0. Ku Japan, kumene munthu aloledwa mowa pa zaka 20, makampani opanga mowa anapangana kuti mowa wosaledzeretsa nawonso uyesedwe cakumwa ca anthu a zaka 20 ndi mphambu. Ku Britain masitolo akulu ambiri amakana kuugulitsa kwa mwana, cingakhale lamulo la dziko siliwakakamiza. Mwini sitolo wa ku Kitwe kapena ku Luanshya angathe kucita cimodzimodzi osayembekeza kulamulidwa. Koma wapolisi salowa pa khonde la munthu tsiku la Sabata. Pamenepo woweruza ndiye kholo, ndipo mlandu ukadzabwera udzagwera iye, pakuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Yankho kwa bambo wa ku Mufulira

Funso lace linali lakuti munkoyo usiyana bwanji ndi botolo lace. Yankho ndi ili: munkoyo wa lero ndi cakudya, ndipo suyeseza kukhala cinthu cina, botolo la 0.0 ndi mowa m'zonse kupatula kuledzeretsa, ndipo linapangidwira munthu wamkulu wodziwa kale mowa amene afuna kuupewa. Wamkulu limamcotsa ku mowa, koma mwana limamsendeza kufupi nao. Maiyo anasowa mau, koma anaona bwino.

Kholo lofuna kuyesa cakumwa ciri conse lingathe kufunsa mafunso awiri. Ngati ndi ca pakhomo, cagona masiku angati? Ngati ndi ca m'sitolo, cabvala dzina ndi maonekedwe a ciani? Cobvala dzina la mowa, la vinyo kapena la kacasu cisiyidwire akulu. Pa phwando mwana asaiwalidwe; akhale ndi cakumwa cacecace, thobwa latsopano, maheu, mkaka, kapena madzi a malambe ndi a zipatso zina, m'cikho cace, ndipo asacite kuyeseza akulu kuti akondwe. Ndipo akafunsa cifukwa cace, auzidwe zoona, osati kuopsezedwa kuti adzaledzera, pakuti tsiku limene adzazindikira kuti linali bodza adzakayika mau ena onse a atate wace. Mau okwanira ndi awa: "Mwana wanga, uwu suledzeretsa, koma ndi mowa wa akulu. Ukadzakula udzasankha wekha. Lero pita kwa amako akakutungire munkoyo."