MUKAPITA KU DAR ES SALAAM, MUSATHERE PADOKO

(Mawu amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka)

 A komiti anandipempha kuti ndinenepo za ntchito ya m'boma, koma ndawapepesa. Za mafayilo timazimva sabata yonse. Lero ndiloleni ndikambe za ulendo.

Ambiri a ife tinafikako ku Dar es Salaam, ndipo chotitengera n'chimodzi: kukatenga galimoto padoko. Timadutsa pa Songwe, Mbeya, Iringa, Morogoro, kufika titatheratu. Kenaka timabindikira m'nyumba ya alendo ku Kariakoo, maso pafoni, kudikira kuti ejenti aimbe. Inenso chaka chatha ndinatero masiku atatu, mapepala asanatheke. Tsiku lachinayi ndinatopa nako kudikirako, ndipo ndinakwera basi ya ku Bagamoyo.

Bagamoyo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa mzindawu, kotero munthu ukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ndi tauni yachete, ya nyumba zakale zamiyala, zina zikugumuka. Pano ndi pamene ankathera maulendo a minyanga ndi akapolo ochokera ku Ujiji ndi Tabora. Ajeremani anayamba aikapo likulu lawo asanalisamutsire ku Dar es Salaam mu 1891. Wondiperekeza anandiuza kuti dzinali likutanthauza "tula mtima wako", pakuti m'Chiswahili moyo ndi mtima. Ine Mchewa ndinamva ngati akuti tula moyo, ndipo poganizira amene ankafika pagombepo ali m'magoli, kumva kwangako sikunalakwike kwenikweni. Ndinenepo apa kuti anthu athu ogwidwa cha ku Nkhotakota, m'nthawi ya Jumbe, ambiri ankawapititsa ku Kilwa, kutali kummwera. Kumeneko si kwa tsiku limodzi.

Chimene chinandigwira mtima chili pa mishoni ya Akatolika, yomwe ansembe a Holy Ghost anaiyamba mu 1868. Pali kansanja ka tchalitchi chakale pamene anagonekapo mtembo wa David Livingstone mu February 1874. Tonse tinaloweza za Susi ndi Chuma kuti tikhoze mayeso a JCE. Koma ndani wa ife anaimapo n'kuganiza kuti Chuma anali mwana wa kwathu kuno? Anali Myao, anamuombola kwa ogula akapolo mu 1861 ali kamnyamata, ndipo anakhalako ku Magomero ndi Bishopu Mackenzie. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, ku Zambia, mu 1873, anthuwa anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, anaumitsa thupi, n'kulisenza miyezi 9 wapansi mpaka kunyanja yamchere. Palibe anawalamula. Ndinaima pakhomo paja ndikuchita manyazi: ine ndinali kudandaula msana chifukwa cha masiku awiri a m'basi.

Musachoke ku Bagamoyo musanaone mabwinja a Kaole, chakummwera pang'ono, pomwe pali manda ndi mzikiti wa zaka za m'ma 1200. Komanso ife ozolowera nyanja ya Malawi tichenjere. Ija imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Ndinapeza zombo zitakhala pamchenga, madzi ali kutali. Pobwerera nsapato zomwe ndinasiya pagombe zinali zikuyandama.

Amene thumba likulola awoloke kupita ku Zanzibar. Boti lachangu limatenga maola ngati awiri, ndipo pasipoti musaisiye ngakhale dziko ndi lomwelo la Tanzania. Ku Stone Town kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene a UMCA, omwewa a ku Likoma, anamanga pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo uja wa kwa Chitambo. Kupita ndi kubwera tsiku lomwelo n'kotheka, koma ine ndinaona kuti n'kungotaya ndalama. Gonaniko usiku umodzi.

Ngati ejenti wakuuzani kuti musapite patali, mumzinda momwemo zilipo. Lawirirani ku msika wa nsomba wa ku Kivukoni mukaone nsomba zotalika kuposa munthu, ngakhale kukoma kwake sikufika pa chambo. Pakati pa tauni pali chipilala cha Askari cha mu 1927, chokumbukira Aafirika a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, monga chathu cha ku Zomba. Ndipo dzina loti Kariakoo, komwe timagona kuja, linachokera ku mawu akuti Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo imeneyo. Kwathu kuno agogo athu ankati mtengatenga. Ndinagona pamenepo masiku atatu osadziwa.

Pomaliza, a Wapampando, ndili ndi pempho. Thumba lathu limagula mabuku ndi kukonza madenga, ndipo n'zabwino. Koma komiti iganizireko zotumiza ana angapo a Fomu 3 okhoza bwino History, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, kukaona Bagamoyo pa tchuthi chachikulu. Ndalama ya basi ya mwana mmodzi ndilipira ine, ndipo msungichuma alembe zimenezi ndisanasinthe maganizo. Galimoto ija inatuluka tsiku lachisanu ndi chimodzi.