Vinyo Wofiira pa Chakudya cha Pakhomo

Nkhani yathu lero ikukhudza chakumwa chimene ambiri timachiona m'masitolo a m'tauni, kapena kuchilandira monga mphatso kwa mbale wochokera ku Joni, koma osadziŵa kamwedwe kake. Ndikunena vinyo wofiira. Botolo limodzi limadya ndalama zambiri, choncho nchomvetsa chisoni kuona munthu atalaŵa, nkukwinya nkhope, nanena kuti am'namiza. Kaŵirikaŵiri cholakwa sichikhala pa vinyoyo ayi, koma pa kutentha kwake ndi ndiwo zimene wamwera.

Vinyo wambiri amene amafika kuno amachokera ku South Africa, kumene mphesa zinafinyidwa koyamba ku Cape m'chaka cha 1659, m'nthaŵi ya Jan van Riebeeck. Maina amene mumaŵerenga pa botolo, monga Merlot, Shiraz ndi Cabernet Sauvignon, ndi maina a mitundu ya mphesa. Mtundu wa Pinotage ndi wa komweko: katswiri Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch m'chaka cha 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi za Cinsaut.

Tsono kufiirako kumachokera kuti? Madzi a mphesa zambiri zakuda ndi oyera. Opanga vinyo amasiya makungu ndi njere m'madzimo pamene akuŵira, ndipo makunguwo ndiwo amapereka mtundu. Amaperekanso chinthu chotchedwa tanini. Mukamwa tiyi wa ku Thyolo wokhathamira masamba, wopanda mkaka, m'kamwa mumauma ndi kukhakhala. Ameneyo ndiye tanini, amene amagwira malovu nachotsa kuterera kwake. Mukathiramo mkaka, kukhakhalako kumachepa. Chimene mkaka umachita kwa tiyi ndicho chimene nyama ya mafuta imachita kwa vinyo wofiira. Nchifukwa chake vinyoyu amafuna chakudya pambali pake.

Choyamba, samalani kutentha. Azungu amati vinyo wofiira amwedwe monga mmene m'nyumba muliri, koma amanena nyumba za kwawo kozizira, madigiri 15 kufikira 18. Inu a ku Chikwawa ndi ku Salima, kumene mwezi wa Okutobala kutentha kumapyola madigiri 35, ikani botolo m'firiji kwa mphindi 20, kapena muliviike m'beseni la madzi ozizira. Vinyo wofunda amangolasa kukhosi, fungo lake lokoma litabisika.

Chachiŵiri, laŵani mofatsa. Thirani pang'ono, osafika theka la tambula. Yang'anani mtundu wake pa nsalu yoyera: wofiirira ngati bulugamu wouma ndi wokhalitsa, wakuda moŵala ndi wa zaka zochepa. Zunguzani tambulayo kuti mpweya uloŵe, kenaka nunkhizani. Mwina mudzamva fungo la zipatso zakupsa, la tsabola wakuda, kapena la utsi. Ngati akununkha ngati katoni yonyowa, kapena ngati viniga, ndiye kuti waonongeka. Pomaliza pakani pang'ono m'kamwa monse musanameze. Musadalire za mnzanu, pakuti kandimverere anakanena za m'maluŵa.

Chachitatu, sankhani ndiwo. Nyama ya ng'ombe yootcha kapena ya mbuzi yophika ndi anyezi imagwirizana ndi Cabernet Sauvignon kapena Shiraz, amene tanini wake ndi wochuluka. Nkhuku ya chikuda, nyemba zophika bwino ndi boŵa zimakoma ndi Merlot, amene ndi wofatsa. Pinotage ndi mnzake wa kanyenya. Nsima ilibe mlandu ndi vinyo aliyense. Koma chenjerani ndi zinthu ziŵiri. Tsabola wa kambuzi amakulitsa ukali wa moŵa mpaka lilime kuyaka. Chambo ndi usipa, mukamwera vinyo wofiira wamphamvu, zimasiya kakomedwe konga ka chitsulo m'kamwa. Nsomba zimafuna vinyo woyera.

Wotsala musam'taye. Tsekani botolo, muliike pozizira, ndipo mum'malize pasanathe masiku atatu kapena anayi. Akayamba kusasa, thirani mu mphika wa nyama.

Ndisanatseke, mawu a chenjezo. Vinyo wofiira ali ndi mphamvu ya moŵa yokwana magawo 12 kufikira 15 pa 100 alionse, pamene moŵa wa m'mabotolo uli ndi magawo 5 chabe. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula ang'onoang'ono 6. Ndi la banja ndi alendo, osati la munthu mmodzi. Mwina munamva kuti vinyoyu ndi mankhwala a mtima. M'chaka cha 2023 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa moŵa umene ulibe chiopsezo pa thupi. Amayi oyembekezera, ana, oyendetsa galimoto ndi amene akumwa mankhwala asayandikire konse. Amene simumwa, musayambe chifukwa cha nkhani ino. Amene mumamwa, tambula imodzi pa chakudya njokwanira. Paja ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.